Nsalu ya ku Nigeria, chidindo cha ku China

Sabata ino ndale ndaziika kaye pambali. Ndikufuna tikambe za nsalu, ndipo nkhani yake ititengera kutali, ku Nigeria. Koma yayambira pafupi pomwepa, pa benchi ya azakhali anga mumsika wa Limbe.

Loweruka lapitali ndinali pa benchipo, ndikumwa thobwa, kudikira kuti azakhali agulitseko kanthu andibwereke ya minibasi. Atolankhani oyenda patokhafe mukutidziwa, malipiro athu amagwa ngati mvula ya chizimalupsa. Ndiye kunabwera mtsikana wina, chinkhoswe chake chili mwezi wamawa. Anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi cha mkwatibwi wa ku Lagos, duku litaima njo pamutu, mapindo ake ali ndondondo ngati malata.

"Mayi, ndikufuna nsalu iyi."

Azakhali sanachedwe. Anapisa pansi pa benchi n'kutulutsa nsalu yolimba, yonyezimira, imene anakapikula ku Kariakoo, ku Dar es Salaam.

"Iyitu mwanawe ndi ya ku Nigeria yeniyeni, yowomba pamanja. Mumsika muno suipezanso."

Mtsikana uja analipira osanenerera n'komwe. Atachoka ndinatola pepala la pulasitiki limene munali nsaluyo. Pakona panali kachidindo kakang'ono konena kuti katunduyo wapangidwa ku China.

"Azakhali, nanga izi?"

"Iwe, tseka pakamwa. Ndalama ya minibasi ukuifunayo ichokera kuti? Amene anandigulitsa ine anati ndi ya ku Nigeria. Ine ndinapitako liti ku Nigeria?"

Ndalama ndinalandira, sindinama. Koma funso lija linakwera nane minibasi, ndipo sabata yonseyi ndakhala ndikuwerenga ndi kufufuza za nsalu imene mtsikana uja amaifuna. Zimene ndapeza ndi izi.

Dzina lake ndi aso oke. Eni ake ndi Ayoruba, mtundu waukulu wa kumwera chakumadzulo kwa Nigeria, kumene kuli mizinda ya Lagos, Ibadan ndi Abeokuta. M'chiyankhulo chawo aso ndi nsalu, oke ndi kumtunda, chifukwa anthu a kugombe ankaigula kuchokera m'matauni a kumtunda. Tauni imene imatchuka kwambiri pa ntchitoyi ndi Iseyin, m'chigawo cha Oyo, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lagos. Amawombanso ku Ilorin, ku Oyo ndi ku Ogbomoso, ndipo msika wa Oje mumzinda wa Ibadan ndi wodziwika kuyambira kale kuti ndiko kopikula nsaluyi.

Kawombedwe kake n'kofuna mtima wautali. Munthu amakhala pansi pa chisakasa, kutsogolo kwa chowombera cha mitengo. Ulusi umatambasulidwa mamita ambiri kutsogolo kwake pabwalo, n'kuumangirira ku kathabwa kotsamiritsidwa ndi mwala kuti ukhale wokungika. Mapazi amaponda timitengo totsegula ndi kutseka ulusiwo, manja akuponya kachikuni kooneka ngati bwato, komwe kanyamula ulusi wopingasa. Uku ndi uku, uku ndi uku, tsiku lonse. Chimene chimatuluka si nsalu yotambalala ngati chitenje ayi. Ndi kansalu kakatali ngati lamba, kotambalala pafupifupi masentimita 10, ngakhale zowombera zina za masiku ano zimatulutsa tokulirapo. Kenako amadula timalambato n'kutisokerera m'mbali m'mbali mpaka ipangike nsalu yovala. Kale chowombera chimenechi chinali cha amuna, akazi anali ndi chawo choimirira, koma tsopano akazi ambiri alowanso pa cha amunachi.

Mitundu yake yamakedzana ilipo itatu. Pali etu, yobiriwira modera ndi timizere toyera ting'onoting'ono. Etu ndi nkhanga m'Chiyoruba, ndipo mukaiona mumvetsa chifukwa chake. Pali sanyan, yotuwa ngati dothi la mchenga, yopangidwa ndi silika wochokera ku zikwa za mbozi zam'tchire, ndipo Ayoruba amaitenga ngati tate wa nsalu zonse. Ndiye pali alaari, yofiira piriwiri. Mwa nsalu zimenezi mwamuna amasoketsa agbada, chimkanjo chachikulu chija mumachiona m'mafilimu, ndi kachisoti kotchedwa fila. Mkazi amamanga iro m'chiuno ngati m'mene timamangira chitenje, nsalu ina paphewa, ndi gele pamutu. Gele ndilo duku limene mtsikana uja anali nalo pafoni.

Tsono apa ndi pamene nkhani inandikhalitsa pansi. Ine ndinkaganiza kuti ndipeza nsalu ya makolo imene inali yosakhudzana ndi zakunja mpaka Tchaina atabwera kudzaisokoneza. Si choncho ayi. Alaari yofiira ija, imene lero akuti ndi yachikhalidwe chenicheni, m'zaka za m'ma 1800 inkawombedwa ndi silika wofiira amene ankabwera pa ngamila kudutsa chipululu cha Sahara. Ulusi wa kunja, manja a Myoruba. Atsamunda a ku Britain atafika, unabwera ulusi wa m'mafakitale, owomba anautenga. Dziko litalandira ufulu mu 1960 kunayamba kufala ulusi wonyezimira ngati golide ndi siliva, anautenganso. Lero ulusi wambiri umene akuwombera ku Iseyin ndi wochokera kunja, makamaka ku China komweko.

Mwaona? Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Ayoruba akhala akulandira kalumoko zaka zonsezi. Chimene sanapereke kwa mlendo ndi chowombera chawo.

Kuti timvetse kukula kwa zimenezi, tiyeni tione zimene zidachitikira mafakitale a nsalu m'dziko lomwelo. Mu 1957 mumzinda wa Kaduna, kumpoto kwa Nigeria, mudatsegulidwa fakitale yaikulu ya Kaduna Textiles. Boma la chigawo cha kumpoto lidaimanga mogwirizana ndi kampani ya ku Britain ya David Whitehead & Sons. Inde, dzina lomwelo limene tonse timalidziwa kuno ku Blantyre, kumene fakitale yake idayamba mu 1967 ndipo idagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Pofika m'zaka za m'ma 1980 Nigeria inali ndi mafakitale a nsalu oposa 100, ndipo anthu miyandamiyanda ankadyera momwemo. Kenako kudabwera nsalu zotchipa za ku Asia, zina zolowa mozemba msonkho, magetsi nawo akuthimathima, makina akukalamba. Kaduna Textiles idatseka mu 2002. Mafakitale ena ambiri adatsatira.

Makina akuluakulu achitsulo anagona. Chowombera cha mitengo cha pansi pa chisakasa chikugogodabe mpaka lero. Zatheka bwanji?

Yankho loyamba inu amayi a zitenje mukulidziwa kale. Ayoruba ali ndi mwambo wotchedwa aso ebi, kutanthauza nsalu ya banja. Pakakhala ukwati, maliro a munthu wamkulu, kutcha mwana dzina kapena kulonga ufumu, abale ndi abwenzi amagula nsalu yofanana, ngati m'mene timachitira ndi yunifomu ya pachinkhoswe. Ngakhale chovala chenichenicho chikhale cha lesi kapena nsalu ina, duku la amayi ndi kachisoti ka abambo kawirikawiri zimakhala za aso oke. Ndipo mkwati ndi mkwatibwi pa ukwati wa chikhalidwe amayembekezeka kuvala aso oke. Banja limapita kwa wowomba kapena kwa wamalonda, kusankha mitundu, n'kupereka oda. Loweruka lililonse ku Lagos kuli maphwando, ndiye Lolemba lililonse ku Iseyin kuli ntchito. Fakitale inkapikisana ndi China pa mtengo ndipo inagonja. Wowomba sagulitsa mtengo, amagulitsa ulemu wa tsiku lalikulu.

Yankho lachiwiri ndi lakuti nsaluyi sinakane kusintha. Mu 1960 mayi Shade Thomas-Fahm, atabwerako kosula luso ku London, adatsegula sitolo ya zovala ku Lagos, n'kuyamba kusoka madiresi amakono ndi nsalu za kwawo, kuphatikizapo aso oke. Iwowa ndi amenenso amatchulidwa kuti adayambitsa duku lomangiratu, longovala ngati chipewa, kuti mayi wapantchito asachedwe pagalasi. Mu 2022 nyumba yosungira zinthu zakale ya Victoria and Albert ku London idaonetsa zovala zawo pa chionetsero cha mafashoni a mu Africa. Pambuyo pawo panabwera ena monga Deola Sagoe, amene anapanga aso oke yobowolabowola ngati lesi, ndi Tunde Owolabi, amene kampani yake ya Ethnik imapanga nsapato ndi zikwama za aso oke.

Amene anaitulutsa kwambiri kunja ndi mnyamata wotchedwa Kenneth Ize, wobadwira ku Lagos koma wokulira ku Austria. Iyeyu amagwira ntchito ndi anthu owomba a ku Nigeria, n'kusoka majekete, mabuluku ndi madiresi a mizeremizere yowala. Mu 2019 anafika mu ndime yomaliza ya mpikisano waukulu wa LVMH Prize, ndipo mu February 2020 anaonetsa zovala zake pa sabata ya mafashoni ku Paris, Naomi Campbell ali m'gulu la ovala. Mu 2021 anapanga zovala mogwirizana ndi kampani ya Karl Lagerfeld. Mu May 2024 Meghan, mkazi wa Prince Harry, atacheza ku Nigeria, anapatsidwa mphatso ya aso oke. Chaka chomwecho pa chikondwerero cha Ojude Oba ku Ijebu-Ode, bambo wina, Farooq Oreagba, anajambulidwa ali pa hatchi atavala agbada ya aso oke ya mizere yobiriwira ndi yachikasu, ndipo zithunzi zake zinazungulira dziko lonse pa intaneti. Onjezerani mafilimu a Nollywood, Facebook, ndi Anaijeriya okhala ku London ndi ku Houston amene amaitanitsa nsalu ya ukwati kuchokera kwawo pa WhatsApp. Umu ndi m'mene chithunzi cha duku chinafikira pafoni ya mtsikana wa ku Bangwe kapena ku Ndirande.

Mpaka apa mukhoza kuwomba m'manja. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba ndi ulusi. Munthu amene ulusi wake umachokera kunja, moyo wake uli m'manja mwa dola. Mu June 2023 boma la Nigeria lidalekerera ndalama yawo ya naira kuti izipeza yokha mtengo. Isanafike nthawiyo dola imodzi inali pafupifupi 460 naira kubanki. Pofika February 2024 inali itadutsa 1,500. Inu simukufunika kukufotokozerani tanthauzo lake. Mukukumbukira November 2023 pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti, anthu n'kupita ku Dar ndi mpamba wa mabelo awiri, kubwerako ndi limodzi. Wowomba wa ku Iseyin zinamugwera zomwezo. Ulusi wakwera, koma kasitomala akufuna mtengo wa chaka chatha.

Nyerere yachiwiri ndi ya pa benchi ya azakhali ija. Chinthu chikatchuka, wokopera sachedwa. Makina a ku Asia amatha kutulutsa nsalu yooneka ngati aso oke mamita ambirimbiri pa nthawi imene wowomba akulimbana ndi kalamba kamodzi, ndipo nsalu yotereyi imagulitsidwa ngakhale m'misika ya ku Nigeria komweko. Amayi a ku Abeokuta opanga adire, nsalu ina ya Ayoruba yonyika mu utoto, akhala akudandaula poyera za vuto lomweli. Wokoperayo salipira chilichonse kwa mwini luso. Amangotenga maonekedwe ndi dzina. Ndiye wina amanyamula katunduyo kupita naye ku Kariakoo, wina n'kumufikitsa ku Limbe, ndipo pofika pa benchi bodza lija lasanduka loona chifukwa aliyense walilandira kwa mnzake.

Nyerere yachitatu ndi kagawidwe ka phindu. Jekete ikayenda pa chionetsero ku Paris, dzina limene limatchulidwa ndi la wopanga fashoni. Amene anapinda msana masiku angapo pansi pa chisakasa dzina lake silimveka. Pakati pa iyeyo ndi wovala pali wopereka oda, wamalonda wa ku Oje kapena ku Balogun ku Lagos, telala, mwini sitolo ndi wotumiza kunja, aliyense ndi gawo lake. Sindikunena kuti apakatiwa ndi akuba, ife a pamsika ndife apakati tonse, ndipo popanda ife katundu safika kwa munthu. Koma mlimi wa tomato wa ku Ntcheu akhoza kukuuzani kuti amene ali koyambirira kwa mzere ndiye amadya mochepa.

Nyerere yomaliza ndi yachete. Ulusi wa m'sitolo ukapezeka wopota kale, wonyika kale, ndani angavutike kupota thonje pamanja, kunyika mu utoto wa masamba, kapena kusaka zikwa za mbozi m'tchire? Sanyan yeniyeni ya silika wam'tchire tsopano ndi yosowa. Zambiri zimene zikugulitsidwa ndi dzinalo ndi thonje kapena ulusi wina wopakidwa mtundu wotuwa. Dzina lilipo, chowombera chilipo, koma maluso ena akupita kumanda ndi agogo.

Mwina wina akuti, nanga ife za Ayoruba zikutikhudza pati? Funsani agogo anu za machila. Mu 1859 David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire adapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu yawoyawo m'midzi. Nsalu ya machila inali katundu wamalonda m'chigawo chonsechi. Kenako kudabwera merikani ndi nsalu zina za m'mafakitale a kunja, zopepuka, zotchipa, ndipo zowombera zathu zidazilala mwakachetechete. Lero tikati nsalu yathu timaloza chitenje. Koma chitenje cha java chija dzina lake ndi la chilumba cha ku Indonesia, kumene Adatchi adakopera luso la batik n'kuyamba kulidinda ndi makina. Kampani ya Vlisco, ya ku Helmond ku Netherlands, idayamba mu 1846. Ndiye Atchaina anadzakoperanso Adatchiwo. Ife tinangotsala ovala ndi ogulitsa. Ayoruba anatenga ulusi wa mlendo n'kusunga chowombera. Ife tinatenga nsalu ya mlendo n'kutaya chowombera. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Anzathu a ku Ghana nawo sakugona. Mu December 2024 bungwe la UNESCO lidalemba luso lowomba nsalu yawo ya kente m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Koma kaundula saletsa sitima kutsitsa makontena padoko. Chimene chimateteza luso la munthu kwenikweni ndi wogula wodziwa kusiyanitsa, ndi wogulitsa wonena zoona.

Ndiye nazi zoti muzione mukamapikula, inu amene mwayamba kugwira katundu ameneyu. Aso oke yowomba pamanja imakhala ndi misoko, chifukwa ndi timalamba tolumikiza. Itembenuzeni muione kuseri. Mizere yake imakhala mu ulusi momwemo, osati yodinda pamwamba, choncho imaoneka mbali zonse ziwiri. Mukaiyang'anitsitsa mupeza pena pothina, pena pomasuka pang'ono, chifukwa dzanja la munthu si makina. Ikakhala yotambalala ngati chinsalu cha pabedi, yosalala paliponse, yopanda msoko, ndipo mtengo wake ndi wa chitenje wamba, musadzinamize. Safunsa adadya phula.

Sindikuti musagulitse za ku China. Ndingakhale wachinyengo, malaya ndavalawa ndi a pa kaunjika, foni ndi ya ku Shenzhen. Mtsikana wa ku Bangwe alibe ndalama yoitanitsira nsalu ku Iseyin, ndipo naye ali ndi ufulu wotchena pa chinkhoswe chake. Yokopera ili ndi malo ake. Chimene ndikukana ndi kuigulitsa ndi dzina la eni. Mukatero mwabera anthu awiri: kasitomala amene walipira mtengo wa manja n'kulandira ntchito ya makina, ndi wowomba uja amene dzina la luso lake mwadyera iye osalawako. Ndipo wachitatu ndinu nomwe. Tsiku limene mlamu wa mtsikana uja wochokera ku Joni adzaigwire nsaluyo n'kuseka, amene adzatchulidwe si wa ku Kariakoo ayi. Adzati mayi uja wa pa benchi ya pakona ndi wabodza. Pamsika mpamba ukatha umabwereka, koma dzina likatha sulibwereka kwa munthu.

Lachinayi ndinabwerera kwa azakhali kukabweza ndalama ya minibasi, n'kuwafotokozera zonsezi, za Iseyin, za nkhanga, za machila. Anandimvetsera akupinda zitenje, osandiyang'ana.

"Ndiye ukuti ndiziti chiyani kwa kasitomala?"

"Muziti ndi sitayilo ya ku Nigeria, yopangidwa ku China. Basi."

"Ndiye agula?"

"Agula, azakhali. Amafuna duku loima, sanabwere kudzafunsa pasipoti."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mtsikana uja abweranso Loweruka kudzatenga ya anamkungwi ake. Ndimuuza. Koma akabweza katundu, iweyo ndi amene udzavale dukulo."

Ndavomera. Ngati mudzaone mtolankhani akuyenda mu Limbe ndi duku lonyezimira pamutu, musadabwe, mudziwe kuti chilungamo chandidula.

Tionana sabata yamawa, Mulungu akalola. Geni iyende bwino.